Kamtsikana ka ku Vienna kaja kanali ndani?

Achemwali ena anditumizira imelo sabata yatha, akuti anapita ku Vienna, likulu la dziko la Austria, kukaona mwana wawo ndiye analowa mu miyuziyamu ya Kunsthistorisches, funso lawo ndi ili: "kamtsikana kamodzimodzi kajambulidwa katatu, diresi ya pinki, yoyera, kenako ya buluu, koma ponsepo sikakumwetulira, kanali ndani?"

Achemwali, ameneyo ndi Margarita Teresa, mwana wa mfumu Philip IV ya ku Spain, anabadwa mu 1651. Anamujambula ndi Diego Velázquez, mmisiri wa kunyumba yachifumu ku Madrid, ndipo Margarita yemweyu ndi uja waima pakati pa chithunzi chotchuka cha Las Meninas cha 1656 chomwe chili ku miyuziyamu ya Prado ku Madrid.

Tsono chomwe chimandiwawa ine ndi chifukwa chimene zithunzizo zinapezekera ku Vienna. Ankazitumiza kwa achibale awo a banja lachifumu la Habsburg ku Viennako kuti aziona mmene mwanayo akukulira, pajatu kamera kunalibe, ndiye zinali ngati lipoti la ukwati womwe akuluakulu ankaukonza mwanayo asanadziwe kanthu. Amene anadzamukwatira ndi Leopold I, mfumu yaikulu ya ku Viennako, malume ake enieni, mlongo wa mayi ake. Ukwati unachitika mu 1666 Margarita ali ndi zaka 15 basi, anabereka ana anayi koma anakula ndi mmodzi yekha, mu 1673 anamwalira ali ndi zaka 21.

Za kumwetulira, nthawi imeneyo chithunzi cha wachifumu chimayenera kuonetsa ulemerero, nkhope yodekha, thupi njoo. Taganizani cha buluu chija cha 1659, mwana wa zaka 8, siketi yatambasuka uku ndi uku chifukwa mkatimo munali chimango, moti timanja take sitingatsike mmbali, tangogona pamwamba pa nsaluyo, dzanja lina lagwira kachikopa kaubweya kofundira manja. Ine ndikamayang'ana ndimaona mwana wotopa amene amuuza kuti asagwedezeke.

Mukadzapitakonso musathamange. Yandikirani pafupi ndithu muone mizere yasiliva ya pa diresiyo, mupeza kuti ndi utoto wongopaka mwachangu, mabala mabala opanda mutu weniweni, kenako bwererani mmbuyo masitepe anayi kapena asanu, nsalu ija iyamba kunyezimira ngati mungayigwire. Mudzandilemberenso mukakaona.