Manja ali pa chiwongolero, koma maganizo ali pa foni

Mayi wina watilembera imelo. Akuti amuna awo amayendetsa galimoto ya kuntchito tsiku lonse, ndipo mabwana ndi makasitomala amawaimbira foni osalekeza. Bambowo amati palibe vuto chifukwa amalankhulira pa Bluetooth, osagwira foni m'manja, ndipo mauthenga amawerenga pokhapokha akaima pa maloboti. Funso la mayiwa ndi ili: "Kodi akunena zoona? Nanga atachita ngozi, apolisi angadziwe bwanji kuti anali pa foni?"

Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka. Bambo akulondola pang'ono pa nkhani ya lamulo, koma pa nkhani ya moyo akulakwitsa. Malamulo ambiri amayang'ana dzanja, chifukwa dzanja ndi limene wapolisi angaone. Ngozi imayambira m'maso ndi m'mutu.

Tiyambe ndi masamu. Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi. Mukayang'ana foni kwa masekondi awiri okha, mwayenda mamita 28 muli ngati wotsinzina. Pa liwiro lomwelo, pamsewu wouma, mabuleki abwino amaimitsa galimoto pa mamita pafupifupi 14 kuchokera pamene mwawaponda. Ndiye kuti kaphethiridwe kameneko kadya mtunda umene ukanakwana kuimitsa galimoto kawiri. Kuwerenga kapena kulemba uthenga kumatenga masekondi ngati 5. Pa makilomita 90 pa ola, amenewo ndi mamita 125, kuposa kutalika kwa bwalo la mpira. Mwana amene wathamangira mumsewu, kapena lole imene yaima mwadzidzidzi kutsogolo, sizidikira kuti mumalize chiganizo.

Tsopano Bluetooth. Mu 1997, akatswiri ofufuza Donald Redelmeier ndi Robert Tibshirani anayerekezera nthawi za ngozi ndi mabilu a foni a madalaivala 699 ku Toronto, m'dziko la Canada. Anapeza kuti munthu akakhala pa foni, mpata wochita ngozi umachuluka kanayi, ndipo amene sanagwire foni m'manja sanapulumuke kuposa anzawo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO nalo limanena zomwezo mpaka lero. Chifukwa chake ndi chakuti ubongo sugwira ntchito ziwiri zolemera nthawi imodzi, umangodumphadumpha. Munthu akamakambirana za katundu amene wachedwa, m'mutu amaona katunduyo. Maso amangoti tong'o kutsogolo, amasiya kuyendera magalasi ndi m'mbali mwa msewu, ndipo amatha kuyang'ana munthu wa njinga osamuona. Ena amafunsa kuti nanga kucheza ndi munthu amene mwakwera naye si chimodzimodzi? Ayi. Mnzanu wa m'galimoto akuona msewu womwewo. Pamphambano amakhala chete, mwinanso amakuchenjezani. Bwana amene ali mu ofesi sadziwa kuti mukupitirira galimoto ina, amangofunsa kuti mwakhaliranji chete.

Za pa maloboti nazo zili ndi msampha. Kafukufuku wa David Strayer wa ku yunivesite ya Utah ku America, amene anatuluka mu 2015, anaonetsa kuti munthu akamaliza kulamula foni ndi mawu, maganizo amatha kutenga masekondi 27 kuti abwerere pamsewu. Zimene zimachitika ndi izi: wakumbuyo waliza hutala, inu mwadzidzimuka n'kuponda moto osayang'ana, pamene woyenda pansi sanamalize kuwoloka.

Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, choncho bambo awerenge a kumene akuyendetsa. Koma chitsanzo cha Britain chikuonetsa kumene zinthu zikulowera. Kumeneko analetsa kugwira foni poyendetsa mu 2003. Mu 2017 chilango chinakwera kufika pa chindapusa cha £200 ndi mapointi 6 achilango pa laisensi, ndipo munthu amene sanathe zaka ziwiri chipezereni laisensi amalandidwa laisensiyo pa mlandu umodzi womwewo. Mu 2022 anatseka mpata umene unatsala: kujambula, kusankha nyimbo, ngakhale kungoyatsa sikirini foni ili m'manja, zonse ndi mlandu. Lamulo limagwirabe ntchito mutaima pa maloboti kapena pamzere wa magalimoto. Bluetooth ndi yololedwa, koma wapolisi akaona galimoto ikupepeluka angakuimbeni mlandu wolephera kuiwongolera bwino. Pakafa munthu, nkhani imachoka pa chindapusa n'kukhala ya kupha munthu poyendetsa moopsa, ndipo kuyambira 2022 chilango chachikulu cha mlanduwu kumeneko ndi ndende ya moyo wonse.

Apolisi amadziwa bwanji? Pamsewu amaona zizindikiro: mutu wowerama, liwiro losinthasintha, galimoto yoponda mzere, kuchedwa kunyamuka. Ku New South Wales, ku Australia, anayamba mu December 2019 kugwiritsa ntchito makamera oikidwa pamwamba, amene amajambula kudzera pagalasi lakutsogolo usana ndi usiku. Kompyuta imasankha zithunzi zokayikitsa, kenako munthu amatsimikizira. Kubisa foni pamiyendo sikuthandiza, chifukwa kamera imaona kuchokera kumwamba. Pakachitika ngozi yaikulu ndiye umboni umachuluka. Apolisi amatha kutenga foniyo, ndipo mwachilolezo cha khothi amapeza zolemba za kampani ya mafoni zosonyeza nthawi imene uthenga uliwonse wa SMS unatumizidwa. Kufufuta uthenga sikuchotsa zolembazo, kumangowonjezera mlandu wobisa umboni. Magalimoto ambiri atsopano ali ndi kachipangizo kamene kamasunga liwiro ndi kapondedwe ka mabuleki m'masekondi ochepa ngozi isanachitike. Kakasonyeza kuti dalaivala sanaponde n'komwe, woweruza amafuna kudziwa kumene maso ake anali.

Chimene chingathandize bambo si kulimba mtima, chifukwa foni ikalira aliyense amafuna kuona. Akonze zonse asanalize injini. Mapu aikiretu, foni aimangirire pa choikapo chimene sichitchinga galasi, ndipo njira aziimva ndi makutu. Ayatse chinthu chotsekereza mauthenga poyendetsa. iPhone ili nacho kuyambira 2017, mafoni a Android nawonso ali nacho, ndipo mafoni ena amatha kuyankha okha kuti mwini wake ali pamsewu. Ngati safuna mapu, foni ilowe m'chikwama, chikwamacho chikhale kumpando wakumbuyo kumene mkono sufika. Paulendo wautali aziima maola awiri alionse pamalo oimikapo magalimoto, azimitse injini, ayankhe onse anawaimbira.

Chovuta kwenikweni m'kalata yanu ndi mabwanawo. Dalaivala amayankha chifukwa akuopa kuoneka waulesi. Bambo apemphe kuti kampani ilembe lamulo lakuti woyendetsa sayankha foni mpaka ataima, ndipo makasitomala aziimbira ku ofesi. Mabwana amamva msanga akakumbutsidwa kuti wantchito akavulaza munthu ali pantchito, m'mayiko ambiri kampani nayo imasumiridwa. Inunso mayi, mukaimba n'kumva phokoso la injini, nenani kuti "mundiimbire mukaima" ndipo mudule pomwepo.