Tifunseni: Ma Cossack anali ngwazi kapena mbava za pamadzi?

Funso: Achimwene, tinakangana ndi mnzanga mu minibasi yochokera m'tauni kupita ku Area 25 mpaka kondakitala analowererapo. Inali nkhani ya nkhondo ya ku Ukraine ija, iyeyo akuti makolo a anthu a ku Ukraine, ankhondo otchedwa ma Cossack, ankawoloka nyanja kukawombola akapolo kwa ma Turk, ine ndimati zinali mbava basi. Tinabetcherana chipisi ndi kanyenya. Wolipira ndani? Wowerenga wanu wa ku Area 25, Lilongwe.

Yankho: Aise, kanyenyayo musathamangire kudya. Tiyambe ndi chomwe chinkawapsetsa mtima anthuwa. Ma Tatar a ku Crimea, omwe anali pansi pa ufumu wa Ottoman wa ma Turk, ankalowa m'midzi ya ku Ukraine pa akavalo kugwira anthu, kuwamanga n'kukawagulitsa pamsika wa Kaffa m'mbali mwa Black Sea, lero amati Feodosia. Ife zimenezi sizachilendo eti, Nkhotakota ya Jumbe ndi ngalawa zake timaidziwa.

Ndiye ma Cossack a Zaporozhia ankakhala kumunsi kwa mathithi a mtsinje wa Dnieper, kuzilumba komwe mfumu ya Poland inkangowalamulira pakamwa. Chida chawo chinali bwato lotchedwa chaika, dzina la mbalame ya panyanja. Apa ndipomwe ine ndimawagonjera ndithu, bwato lopanda denga, lonyamula anthu 50 mpaka 70, m'mbali anamangirira mitolo ya bango kuti ngakhale madzi adzaze lisamire, chiwongolero kutsogolo china kumbuyo ndiye kubwerera sikunkafuna kutembenuka, ndipo poti linali lalifupi pamadzi zombo za ma Turk zinkaliona mochedwa pomwe iwo anaziona kalekale. Ankadikira usiku wopanda mwezi n'kuzembera linga la Ochakiv pamathiriro a mtsinje, kukacha ali panyanja.

Mu 1606 anaphwanya mzinda wa Varna, ku Bulgaria ya lero. Mu 1614 anawoloka nyanja yonse kukatentha Sinop, ku Turkey kwenikweniko, chaka chotsatira anafika mpaka m'mphepete mwa Istanbul, pakhomo penipeni pa sultan, mfumu ya ma Turk. Mu 1616 motsogozedwa ndi Petro Sahaidachny analanda Kaffa yemwe uja n'kumasula akapolo ambirimbiri. Pamenepa mnzanuyo wawina, palibe kutsutsa.

Koma inunso simunaname. Anthuwa sankapalasa mtunda wonsewo chifukwa cha chifundo chokha ayi, ankabwerako ndi golide, nsalu, zida, komanso anthu ogwidwa oti abale awo adzawombole ndi ndalama. Ndipo m'matauni a m'mbali mwa nyanjamo munkakhalanso ma Greek, ma Bulgarian ndi ma Armenian, akhristu anzawo, moto sunkafunsa kuti iwe umapemphera kuti. Msodzi wa ku Sinop amene anadzuka nyumba ikuyaka mukanamuuza za ngwazi akanakuponyerani nkhafi.

Zinkavutitsanso boma la Poland, sultan akadandaula iwo ankayankha kuti anthuwa satimvera, ma Turk nawonso za ma Tatar yankho lake lomwelo. Koma mu 1621 pa nkhondo ya Khotyn yolimbana ndi ma Turk, a Poland anawafunanso ma Cossack omwewo kuti awathandize, shuwa.

Ndiye chipisi mulipire inuyo, kanyenya alipire mnzanuyo. Kondakitala uja mumugulireko fanta.