Funso la owerenga: nyengo ikaipa kapena boti likavuta tili pakati pa mtsinje titani?

Ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena omwe amawerenga kuno. Akuti iwo ndi anzawo atatu akukonza ulendo wa masabata awiri pamtsinje, pa boti laling'ono la injini, usiku kumagona m'matenti m'mphepete. Funso lawo ndi loti chimvula chikawapeza kapena injini ikafa ali kutali ndi anthu adzatani, kapena angousiya ulendowo? Kumapeto awonjezera kuti mmodzi mwa iwo akuyenera kukayamba ntchito mawa lake akangofika, nde masiku anawawerengera ndendende.

Achimwene, ulendo musausiye ayi. Koma ndikuuzeni chilungamo, mawu omalizawo ndi amene andidetsa nkhawa kuposa mvulayo. Mvula idzagwa basi, injini idzazima tsiku lina, zimenezo ndi za ulendo uliwonse wautali ndipo anthu amathana nazo. Chimene chimawaika anthu pa ngozi yeniyeni ndi kuthamangira tsiku, kuona kuti kumwamba kwada bii koma nkumati tiyeni tingolimba mtima tikafike paja tinagwirizana paja. Choncho musanagule ndi chingwe chomwe, ikani masiku awiri kapena atatu opanda pulani iliyonse, ndi chakudya chake chomwe, ndipo mnzanuyo akapemphe tchuthi choonjezera. Mukatero kukocheza boti nkudikira sikumawawa, palibe amene amakhala akuyang'ana wotchi.

Tiyambe ndi mphezi poti iyi siinyengerera. Mukaona ching'aning'ani yambani kuwerenga masekondi mpaka mumve kugunda. Phokoso limayenda pafupifupi kilomita imodzi pa masekondi atatu aliwonse, nde mukawerenga 30 kapena kuchepera apo ndiye kuti ili pa makilomita 10 kapena pafupi, tulukani m'madzi nthawi yomweyo. Pamadzi inu ndi boti lanu ndi amene mwatalika kuposa china chilichonse. Kumtundako musathawire pansi pa mtengo wautali womwe uli paokha, ndipo dziwani kuti tenti imatchinga mvula yokha, mphezi ayi. Dikirani mphindi 30 chimvekereni bingu lomaliza. Ndikudziwa zimatopetsa makamaka dzuwa likayambanso kuwala, koma dikirani.

Mphepo nayo ili ndi khalidwe lake pamtsinje. Ikamaomba molimbana ndi komwe madzi akupita mafunde ake amakhala afupiafupi koma oima njo, ndipo amalowa m'boti msanga. Chepetsani liwiro, mafunde muziwalandira ndi kutsogolo kwa boti mopendeka pang'ono osati cham'mbali, anthu onse akhale pansi penipeni osati pamwamba pa katundu, ndipo wina ayambe kukapa madzi akadali ochepa. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, nde ndowa zisanu za malita 20 zikalowa zili ngati mwakweza munthu wina wonenepa amene sakhazikika, boti likapendekera kumanzere iye amathamangira komweko. Chokapira chimangirireni ndi kachingwe kuti chisapite ndi madzi. Malo ambiri mphepo imakula masana, nde kulawira mbandakucha nkukocheza dzuwa likadali pamwamba kumakupulumutsani ku zambiri.

Chinthu chimene anthu atsopano sachiganizira ndi mvula yomwe sanaione. Ikhoza kugwa kumtunda kutali kwambiri, inu muli pa dzuwa, usiku mtsinje nkudzadza. Mukafika pogona zikani kamtengo pamene madzi alekezera, muzikayang'ana musanagone komanso pakati pa usiku ndi tochi. Madzi akasintha mtundu nkukhala ofiira ndi matope, akayamba kubwera ndi zinyalala, nthambi ndi zikuni, ndiye kuti akukwera. Tizilumba ta mchenga timaoneka bwino zedi, poyera, pofewa, koma musagonepo nthawi ya mvula. Kwerani pamwamba, yang'anani pomwe madzi akale anasiya zinyalala zitakodwa m'tchire, tenti mukhome kupitirira pamenepo. Boti limangeni ndi zingwe ziwiri pa mitengo iwiri yosiyana ndipo musiye mpata pa chingwe kuti madzi akakwera kapena kutsika lisalendewere kapena kukokedwera pansi.

Pa nkhani ya kalongedwe ka katundu pali mbiri ina yomwe ndimaikonda. Mu 1869 wofufuza malo wina dzina lake John Wesley Powell ananyamuka ku Green River, Wyoming pa 24 May ndi maboti anayi, anthu khumi onse pamodzi, kutsata mitsinje ya Green ndi Colorado ku America. Mu June boti limodzi lotchedwa No Name linasweka pa mathithi omwe anawatcha Disaster Falls. Palibe anafa, ndipo poti chakudya anali atachigawa m'maboti atatu ulendo unapitirira ngakhale gawo lalikulu linapita. Koma zipangizo zawo zoyezera kukwera kwa malo zonse zinali mu boti losweka lija, mpaka anachita kubwerera kukazivuula pa zidutswa zake. Kutsogoloko ufa wawo unanyowa nkuyamba kuchita nkhungu, ankachita kuusefa ndi neti ya udzudzu. Inu muli ndi boti limodzi, nde gawani m'zikwama. Machesi, tochi, mankhwala ndi zovala zouma zisakhale malo amodzi. Kulungani m'majumbo awiriawiri, ikani m'ndowa zotseka bwino, nkumangirira ku boti. Zovala zogonera zisavalidwe masana zivute zitani, m'mawa valaninso zonyowa zija, nzozizira mphindi zochepa chabe koma usiku mumagona pouma.

Injini ikazima musayambe ndi sipanala. Madzi sakudikirani, akukutengani. Gwirani nkhafi mupalasire kumbali kapena ponyani nangula, ndipo nangula amamangidwa kutsogolo kwa boti, mukamumanga kumbuyo madzi othamanga amalikokera pansi. Mukaima ndiye yambani ndi zophweka: kachingwe kozimitsira injini kaja kali m'malo mwake? petulo alipo? kabowo ka mpweya pa thanki nkotsegula? paipi siinapindike? Kenako pulagi, kenako pulopela ngati yakulunga udzu kapena ukonde, injini ili yozimitsa pamene mukuikapo dzanja. Ikamalira muziona kamadzi koziziritsa injini kamene kamatuluka kumbuyo kaja, kakasiya zimitsani msanga isanapse. Tengani mapulagi apadera, pini ya pulopela ngati injini yanu ndi ya mtundu umenewo, chingwe cholizira china, ndi oyilo wosakaniza ndi petulo ngati ndi ya two-stroke. Petulo musamuwerengere ndendende, kukwera mtsinje kapena kulimbana ndi mphepo kumadya mafuta ochuluka kuposa mmene mumaganizira.

Nanga boti likatembenuzika? Apa laifi jaketi yomwe ili pansi pa katundu ilibe ntchito, ivalidwe tsiku lonse ndi kumangidwa bwino, ngakhale kwa odziwa kusambira. Muli m'madzi khalani mbali imene madzi akuchokera, boti likhale kumunsi kwanu, kuti lisakupanikizeni pa mwala. Gonani chagada, miyendo iloze komwe madzi akupita ndipo ikhale pamwamba. Musayese kuimirira m'madzi othamanga opitirira m'mawondo, phazi likakodwa pakati pa miyala madzi amakugwetsani chafufumimba ndipo kudzuka nkovuta. Mtengo wogwera m'madzi uthaweni ndi mphamvu zonse, madzi amadutsa mu nthambi koma munthu amatsalira momwemo. Mukafika kumtunda werenganani kaye, katundu pambuyo. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kwambiri kuposa mpweya, nde amene akunjenjemera, kulankhula mosamveka kapena manja osagwira, muvuleni zonyowa, mufundikeni, mumupatse chakumwa chotentha cha shuga ngati ali maso bwinobwino, mowa ayi. Ngati mtsinje wanu uli ndi mvuu kapena ng'ona funsani asodzi a m'deralo malo ake, ndipo musamayende usiku.

Zina zing'onozing'ono koma zimathetsa ulendo. Madzi akumwa muziwawiritsa mpaka abwate kwa mphindi imodzi. Wina akatsegula m'mimba sakanizani lita imodzi ya madzi abwino, masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Kabala kalikonse katsukeni tsiku lomwelo, pamtsinje mabala sachedwa kutukusira.

Ndipo chonde kambiranani musananyamuke kuti zikavuta wolamula ndi ndani, chifukwa anthu anayi onyowa, anjala, aliyense ndi maganizo ake, amakangana nthawi yolakwika. Ine ndimakonda lamulo loti woyendetsa ndi mmodzi koma aliyense ali ndi ufulu wonena kuti tiime, ndipo akanena palibe womuseka. Kunyumba siyani munthu mmodzi wodalirika ndi pepala lolembapo komwe mukuyambira, malo ogona, malo amene msewu umafika pafupi ndi mtsinje, ndi tsiku loti akapanda kumva za inu akanene kwa apolisi kapena opulumutsa anthu. Netiweki m'zigwa imasowa, nde mugwirizane naye kuti kukhala chete tsiku limodzi si ngozi, koma tsiku lenileni loyambira kukufunani mulilembe ndi manambala papepalapo.