Kujambula bata la mu laibulale ya pa boma

Mmodzi mwa awerengi wandilembera imelo kuti akufuna kujambula filimu ya mphindi 5 mu laibulale ya pa boma la kwawo pogwiritsa ntchito foni, koma akuopa kuti owonera adzatopa nayo poti mmenemo anthu amangokhala duu ndi mabuku awo. Akufunsa ngati n'koyenera kuikamo nyimbo kuti filimuyo itakasuke.

Achimwene, ndikupemphani kuti nyimbozo muzisiye. Bata la mu laibulale lili ndi timawu take: kutembenuka kwa tsamba la nyuzipepala, mpando wokokedwa pa simenti, malata othetheka ndi dzuwa la masana, belu la kabaza kutali ku msewu. Wowonera amadziwa kuti m'chipindamo muli zii chifukwa chakuti akutha kumva timawu timeneti, ndipo nyimbo ikangolowa imaphimba timawu tonseti. Choncho yambani ndi kujambula mawu okha a m'chipindamo kwa mphindi ziwiri, popanda wolankhula, kuti polumikiza zithunzi mudzawayale pansi pa filimu yonse, pamene mwadula pasamveke mpata. Foniyo muikhazike pa tebulo moitsamiritsa pa mabuku, chifukwa dzanja limanjenjemera ndipo mayikolofoni imatola ngakhale kukhudza kwa chala. Zenera likhale kumbuyo kwanu kapena pambali, osati kutsogolo, kuopa kuti nkhope zingade.

Pa nkhani yoti mu laibulale simuchitika kanthu, ine sindikuvomereza. William Kamkwamba atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2002, ankapita ku kalaibulale ka pa sukulu ya pulayimale ya Wimbe ku Kasungu, ndipo zithunzi za m'buku lina la sayansi ndi zimene zinamutsogolera kupanga makina a mphepo otulutsa magetsi. Aliyense womuona pa nthawiyo akanangoona mnyamata atazyolikira pa buku. Mphindi yotereyi ndi imene muyenera kuidikira, ndipo mukapeza wophunzira akulondola mzere ndi chala, milomo ikugwedera pang'onopang'ono, musafulumire kusuntha kamera, muisiye pomwepo masekondi 15 kapena kupitirira.

Musanatulutse foni, kaonaneni ndi woyang'anira laibulaleyo. Ngati ili pansi pa National Library Service, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1967, mwina adzafuna kalata yopempha chilolezo. Aliyense wooneka nkhope mumupemphe payekha, ndipo ana musawajambule makolo awo asanalole.