Mwafunsa, Tayankha: Kodi kanema wa dishi adzagwira ku nyumba ya m'tsinde mwa phiri?

FUNSO

Akonzi, ine ndi banja langa tikusamuka kumapeto kwa mwezi uno kupita ku nyumba ina ya lendi yomwe ili m'tsinde mwa phiri, ndipo kuseri kwake kuli mitengo italiitali. Titapita kukaiona, mafoni athu ankavuta kugwira netiweki, komanso amene akutuluka m'nyumbamo anatiuza kuti kanema wawo ankangodukaduka, makamaka kunja kukachita mitambo. Ndakhala ndikulipira kanema wa setilaiti kwa zaka zambiri ndipo sindikufuna kumusiya. Kodi ndinyamule dishi ndi dekoda, kapena ndingovomereza kuti kumeneko n'zosatheka?

Mayi wa ana atatu

YANKHO

Mayi, musafulumire kutaya mtima chifukwa cha zimene mafoni anachita tsiku limenelo. Netiweki ya foni imachokera pa nsanja zomangidwa pansi pompano, choncho phiri likakhala pakati pa inu ndi nsanjayo, foni imavutika. Kanema wa dishi amachokera kwina: setilaiti yake ili pa mtunda wa makilomita 35,786 pamwamba pa mzere wa ikweta, ndipo imazungulira mogwirizana ndi kuzungulira kwa dziko, n'chifukwa chake imakhala ngati yaima malo amodzi ndipo dishi ikalozetsedwa bwino safunikanso kuisuntha. Nyumba ikhoza kukhala yopanda netiweki ya foni n'komwe, koma kanema n'kumaoneka mbee.

Chimene dishi imafuna n'chakuti pasakhale chotchinga chilichonse pakati pa iyo ndi kachigawo ka thambo komwe kuli setilaitiyo. Makampani ambiri amaulutsa pa mafunde otchedwa Ku band, ndipo mafunde amenewa sabowola khoma kapena phiri, ngakhale masamba a mtengo amawafooketsa kwambiri, makamaka akanyowa. Funso lenileni tsono si lakuti phiri ndi mitengoyo zilipo kapena ayi, koma lakuti zili mbali iti. Ngati zili kumsana kwa dishi, zilibe kanthu ngakhale zitatalika chotani.

Mukabwerera kukaona nyumbayo, yambani mwayang'ana madishi a anthu oyandikana nawo amene amalipira ku kampani imodzi ndi inu, chifukwa onse amaloza kumodzi. Kummwera kwa ikweta madishi amapendekera chakumpoto, pomwe kumpoto kwa ikweta amapendekera chakummwera. Pali chinthu chimodzi chimene chimasokoneza anthu ambiri: madishi ozolowereka a pakhomo, aja okhala ndi mkono m'munsi, amaoneka ngati ayang'ana kutsogolo chabe, koma kwenikweni amalandira mafunde kuchokera m'mwamba kuposa mmene nkhope yake ikuonekera, ndi madigiri oposa 20. Ena adadulapo mitengo yosalakwa chifukwa chosadziwa zimenezi. Ngati setilaiti ili pa madigiri 45 kuchokera pansi, mtengo wopitirira dishi ndi mamita 10 sutchinga bola ukhale patali kuposa mamita 10. Ngati ili pa madigiri 30, mtengo womwewo uyenera kutalikira mamita oposa 17. Muganizirenso zoti mitengo imakula, ndipo ina imayoyola masamba nyengo ina n'kudzaphukanso, moti malo amene akugwira lero akhoza kudzavuta pakatha miyezi ingapo.

Zimene ananena amene akutulukawo ife zikutipatsa chiyembekezo. Phiri likanakhala kuti latchinga, sakanaona chithunzi ngakhale tsiku limodzi. Kanema amene amagwira kukawala n'kumadukaduka kukachita mitambo amasonyeza kuti siginolo ikufika, koma ikufika yoperewera, ndipo kawirikawiri chifukwa chake chimakhala dishi yaing'ono, dishi yomwe mphepo inaikhotetsa pang'ono, kapena waya wolowa madzi. Kanema wa dijito sachita kuzilala pang'onopang'ono ngati wakale uja: chithunzi chimasweka timabokosi, mawu amachita chibwibwi, kenaka zonse zii.

Mu dekoda yanu muli tsamba losonyeza mizere iwiri, wina wa mphamvu ya siginolo ndi wina wa ubwino wake. Wachiwiriwu ndi umene muyenera kuuyang'anitsitsa. Mzere wa mphamvu ukhoza kukwera ngakhale dishi italoza kolakwika, chifukwa nthawi zina umangosonyeza kuti kachipangizo ka kunsonga kwa mkono, kotchedwa LNB, kakulandira magetsi kuchokera ku dekoda. Mmisiri akamamaliza ntchito, muimirire pafupi ndipo muone nokha kuti mzere wa ubwino wafika pati, ndipo musavomere mawu akuti "chithunzi chikuoneka, basi zatheka", pakuti chithunzi chooneka dzuwa likuswa mtengo sichikuuzani zimene zidzachitike mvula ikadzayamba. Mumupemphenso apotoze LNB pang'onopang'ono m'chogwirira chake mpaka mzerewo utakwera, chifukwa kapendekedwe kake kamasintha malinga ndi dera.

Ngati dishi yanu ndi ya masentimita 60, tikukulangizani kuti mugule ya masentimita 90. Kusiyanaku kumaoneka kochepa, koma malo olandirira mafunde amachuluka kuposa kawiri, ndipo n'zimene zimathandiza kuti mitambo ndi mvula yowaza zisamadule kanema. Dishi yaikulu imafuna kulozetsa mosamala kwambiri ndiponso chitsulo cholimba, popeza mphepo imaikankha mwamphamvu. Mvula yamkuntho yokha ndiye ilibe mankhwala. Imadulabe kanema kwa mphindi zingapo ngakhale dishi ikule.

Si lamulo kuti dishi ikhale pakhoma la nyumba. Ngati mitengo yatchinga mbali imeneyo, ikhoza kuikidwa pa mzati wachitsulo wozikidwa mu konkire pakona ya bwalo pomwe thambo likuoneka bwino, malinga mzatiwo uime chilili osapendekeka. Vuto limabwera pa waya, chifukwa akatalika siginolo imachepa m'njira. Gwiritsani ntchito waya wa mtundu wa RG6, watsopano, wopanda zolumikiza pakati, ndipo ngati mtunda uli wautali kwambiri mmisiri akhoza kusankha wonenepa wa RG11. Waya amene mukampeze m'nyumbamo musamukhulupirire musanamuone kunsonga: mkuwa wake ukakhala wakuda kapena wobiriwira, ndiye kuti madzi analowa kale. Za timakina towonjezera mphamvu ya siginolo, dziwani kuti timangobwezera zimene zatayika mu waya, sitingakonze siginolo yomwe yafika pa dishi ili yoipa kale.

Ponyamula katundu, dekoda ipite limodzi ndi khadi lake, chifukwa makampani ambiri amamangiriza khadi ku dekoda imodzi. Dishi yakale muinyamule pokhapokha ngati ilibe dzimbiri ndipo sinapindike, ndipo isapanikizidwe pansi pa mipando m'galimoto, pakuti kupindika kochepa komwe maso sangakuone kumakwanira kumwaza mafunde.

Kampani yanu muidziwitse za kusamukaku, ndipo mufunse ngati imalola kuimitsa kaye malipiro pa masiku amene dishi idzakhale isanaikidwe. Amene akusamukira dziko lina ayenera kufunsa zambiri, popeza setilaiti iliyonse ili ndi dera limene imafikira ndipo ziphaso zoulutsira mapulogalamu zimasiyana dziko ndi dziko. Eni nyumba nawo muwapemphe chilolezo choboola khoma kapena kukumba pabwalo, ndipo chikhale cholembedwa. Kuonera kudzera pa intaneti, komwe makampani ena amapereka kwa olipira awo, sitikukulimbikitsani kwenikweni, poti mwanena kale kuti netiweki kumeneko ndi yovuta.

Musanapereke ndalama ya chikole cha nyumbayo, pitani ndi mmisiri amene ali ndi mita yoyezera siginolo, atenge dishi m'manja ndi kuyesa malo awiri kapena atatu pabwalopo inu mukuona. Akapeza pamene mzere wa ubwino wakwera, ikanipo chizindikiro, ndipo muyeze mtunda kuchokera pamenepo kukafika pomwe padzakhale kanema kuti mudziwiretu kutalika kwa waya wogula.