Mwana wanga akuikira kumbuyo mtsikana wa m'nkhani, kodi mabuku amusokoneza?

Kalata ya lero yachokera kwa mayi wina wa ku Santhe m'boma la Kasungu. Mwana wawo wamkazi ali Folomu 4 pa sekondale yoyendera. Aphunzitsi a Chichewa anapatsa kalasi nkhani yaifupi kuti akambirane. M'nkhanimo mnyamata anatomera mtsikana n'kupita ku Joni kukasaka ndalama. Anakhalako zaka zitatu osaimba ngakhale foni, ndipo anali ndi mkazi wina komweko. Mtsikana uja atatopa n'kudikira analola mwamuna wina. Kalasi yonse inati mtsikanayo ndi hule wosapirira, koma za mnyamata inangoti ndi mmene amuna amachitira. Mwana wa mayiwa yekha ndiye anatsutsa, ndipo chiyambire tsikulo anyamata akumamunena kuti akuikira kumbuyo mnzake chifukwa naye ndi zomwezo. Funso la mayiwa ndi lakuti: "Kodi mabukuwa sakumusokoneza mutu mwanayu? Ndimuuze azingoyankha zomwe anzake akuyankha kuti asalephere mayeso?"

Mayi, khazikani mtima pansi. Mwana wanu sanasokonezeke. Iyeyo ndiye anawerenga zomwe zili papepala, pamene anzakewo anayankha zomwe anachoka nazo kunyumba.

Tiyeni tiiwerengenso nkhaniyo ine ndi inu. Woyamba kuswa pangano ndani? Mnyamata. Wokhala ndi awiri nthawi imodzi ndani? Mnyamata yemweyo. Mtsikana anadikira dzinja katatu, anthu akukolola fodya ndi kugulitsa, anzake amsinkhu wake akukwatiwa, iye ali phee kuyang'ana kumsewu. Analola wina pamene woyamba uja anali atamutaya kale. Ndiye zatheka bwanji kuti dzina loipa ligwere iyeyo?

Yankho lili m'kamwa mwathu momwemu. Mwamuna akamayendayenda timati mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda, kapena timati tonde azinunkha, anthu n'kuseka. Mtsikana tikamamulangiza timamuuza kuti banja ndi kupirira. Ana amamva mawu amenewa pachitsime, pamaliro, mu minibasi yopita ku boma, ndipo akatsegula buku amalowa nawo m'bukumo. Ngakhale nthano zomwe tinkamvera madzulo pamoto zimapendekera mbali imodzi. Mukuikumbukira ija ya mtsikana wokana amuna onse a m'mudzi, mapeto ake n'kukwatiwa ndi fisi wosanduka munthu? Sindikuinyoza, ili ndi nzeru yake yoti tisamathamangire mlendo wosadziwika kwawo. Koma taonani pamene imamuika mwana wamkazi: akakana amuna ndi wonyada, akalola ndi wotchipa. Adutsire pati?

Mwa mmene mwalembera ndaona kuti ndinu munthu wopemphera, choncho tsegulani Yohane mutu 8. Alembi ndi Afarisi anabweretsa kwa Yesu mkazi wogwidwa akuchita chigololo. Chigololo sachita munthu mmodzi, ndipo lamulo lomwe ankadalira, pa Levitiko 20:10, limatchula onse awiri, mwamuna ndi mkazi. Komatu pabwalo paja anafika mkazi yekha. Yesu sananene kuti mkaziyo sanalakwe, anamuuza kuti asakachimwenso, koma anakana kuti miyala iponyedwe ndi anthu oweruza mokondera. Funso lomwe mwana wanu anafunsa m'kalasi ndi lomwelo: nanga mwamuna ali kuti?

Tsopano za mayeso, chifukwa ndikudziwa kuti mtima wanu uli pamenepo. Musamuuze kuti atsatire gulu. Pa mafunso a nkhani zolembedwa a MSCE, kaya m'Chichewa kaya m'Chingerezi, ochonga a MANEB amafuna mfundo ndi umboni wake wochokera m'nkhani. Funso likati fotokozani khalidwe la mpangankhani uyu (munthu wa m'nkhaniyo), wolemba kuti "ndi hule" wangotukwana, sanayankhe. Wolemba bwino amati: mtsikanayu ndi wopirira chifukwa anadikira zaka zitatu popanda uthenga, ndi wolimba mtima chifukwa anasankha kuyambanso moyo akudziwa kuti anthu amunena. Angathenso kumudzudzula, bola asonyeze pomwe analakwa. Mwachitsanzo, ngati nkhaniyo ikuonetsa kuti sanadziwitse akuchimuna kuti chitomero chatha, imeneyo ndi mfundo yogwirika. Malikisi ali pa mawu akuti "chifukwa" ndi zomwe zikutsatira pambuyo pake.

Pali njira ina yomwe ndimaikonda kwambiri, ndipo ndinaiyesapo pa sukulu ina kufupi ndi Chamama. Ndinagawa ana m'magulu awiri, lina pansi pa mtengo wa mango, lina m'kalasi. Nkhani inali imodzi, koma papepala la gulu lachiwiri ndinasintha mayina: wopita kutali anakhala mtsikana, wotsala kudikira anakhala mnyamata. Atabwera pamodzi, a gulu lachiwiri anati mnyamatayo anachita bwino kukwatira wina, akanadikira mpaka liti? A gulu loyamba anali atamaliza kale kumupachika mtsikana wawo pa mlandu womwewo. Nditawawerengera mapepala onse awiri m'kalasi munangoti zii. Kenaka mnyamata wina wakumbuyo anakanda m'mutu n'kunena chapansipansi kuti, "Aphunzitsi, ndiye kuti takondera." Mawu a mwana ameneyo sindimawaiwala.

Iwe mwana wanga, ngati amayi akuwerengera yankho ili, mvera apa. Kuona kukondera sikutanthauza kuti mpangankhani aliyense wamkazi ndi wolungama. M'mabuku muli akazi ankhanza, abodza, adyera, monganso amuna. Ukayamba kuikira kumbuyo aliyense chifukwa choti ndi mkazi, wagwa m'dzenje lomwelo anzako agweramo, wangolowera mbali ina. Usanaweruze, sintha mayina mumtima mwako n'kudzifunsa ngati chigamulo chako chikadali chomwecho. Ndipo polankhula m'kalasi gwira buku m'manja, uloze ndime. Wokutsutsa atsutsane ndi ndimeyo.

Nkhaniyi ndaitalikitsa dala, mayi, chifukwa sikelo yomwe ana amayezera anthu a m'mabuku ndi yomwe adzayezere anzawo enieni. Kuyambira 1993 dziko lino lili ndi ndondomeko yolola mtsikana amene anatenga pakati kubwerera kusukulu akabereka, ndipo ngati wopereka pakatiyo ndi mwana wasukulu, naye amayenera kuima kaye. Koma inu mukudziwa mmene zimathera m'midzi mwathu muno. Mnyamata amasamukira kwa amalume ake n'kupitiriza sukulu mwakachetechete. Mtsikana akabwerera amapeza dzina lija likumudikira pakhomo la kalasi, ndipo ena amangobwerera kunyumba osadzapondanso. Lamulo linatsegula chitseko, pakamwa pa anthu n'kuchitsekanso.

N'chifukwa chake zomwe anyamatawo akumunena mwana wanu musazitenge ngati macheza a ana. Kumupaka mtsikana mbiri ya uhule chifukwa wayankha funso m'kalasi ndi nkhanza, ndipo cholinga chake n'choti asadzakwezenso dzanja. Pitani mukaonane ndi aphunzitsi a kalasi yake, kapena mphunzitsi wamkazi amene iye amamasuka naye. Zikapitirira, kafikeni kwa ahedi ndi ku komiti ya makolo ndi aphunzitsi. Simukupita kukayambana ndi munthu. Mukawapemphe kuti nkhani ija aibweretsenso m'kalasi ndipo ulendo uno aweruzidwe onse awiri.

Kunena za tsogolo, mwana amene amafunsa kuti umboni uli kuti ndipo mbali inayo yamvedwa kodi, ali ndi mutu wofunika pa ntchito zingapo. Pali zamalamulo ku University of Malawi ku Zomba, utolankhani ku yunivesite ya MUBAS ku Blantyre, uphunzitsi wa kusekondale ku Nalikule, ku Domasi kapena ku Mzuzu University, ndipo pafupi pompano pali Kasungu TTC ya aphunzitsi a pulayimale. Kuti aganiziridwe ku mayunivesite a boma kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite, ayenera kupeza makirediti asanu ndi imodzi kuphatikizapo Chingerezi, choncho miyezi yatsalayi alimbikire maphunziro onse, asakhale wa mabuku a nkhani okha.

Madzulo ano mukamasenda mtedza pakhonde, muuzeni atenge nkhani ija akuwerengereni yonse mokweza. Akamaliza mumufunse kuti mtsikanayo analakwa pati, mnyamatayo analakwa pati, ndipo pa yankho lililonse akulozereni mzere wake. Ngati ali ndi mlongo wake pakhomopo, muitaneni naye akhale pamphasa ayankhe mafunso omwewo.