Musanaode gasiketi ku Dar, yambani mwadziwa chomwe chaonongeka

Achimwene, uthenga wanu ndauona. Mukuti minibasi yanu ya dizilo, yoyenda pakati pa Mzuzu ndi Nkhata Bay, yayamba kuwira ndi kumeza madzi, ndipo amakanika akukayikira gasiketi ya hedi, chotsekera chopyapyala chomwe chimakhala pakati pa hedi (mutu wa injini) ndi buloko (thupi lake). Mukufuna ndikubweretsereni ina kuchokera ku Tanzania, komanso mukufunsa m'mene geni ya masipeya imayendera poti nanunso mukuilakalaka. Ndiyankha zonse pamodzi, chifukwa pa geni imeneyi ndalama zambiri zimathera pogula chinthu cholakwika, ndipo katundu akangowoloka Songwe sabwereranso kusitolo.

Ndalama zanu zisungeni kaye. Galimoto yokwera chitunda chochokera kunyanja tsiku ndi tsiku itadzaza anthu imatha kuwira gasiketi ili bwinobwino. Radiyeta yodzaza matope, chivindikiro chake chotha mphamvu, thermostat (kavalavu kotsegulira madzi injini ikatentha) yokanirira, pampu ya madzi kapena fani yofooka, zonsezi zimawiritsa injini. M'mawa injini ikadali yozizira, tsegulani radiyeta, thirani madzi mpaka pakamwa, kenako mulize injiniyo. Mukaona thovu likutuluka osalekeza, kapena madzi akulavulidwa injini isanatenthe n'komwe, ndiye kuti mpweya wa mu silinda ukuthawira m'madzi. Tsekani, mugwire paipi yam'mwamba: ikauma gwa ngati tayala lopopa patangotha mphindi zochepa, chizindikiro n'chomwecho. Koma chonde, radiyeta yotentha musaitsegule, madzi ake amasenda khungu.

Utsi woyera usakupusitseni. Pa dizilo umathanso kuchokera ku manozo (topopera dizilo mu silinda) otha kapena ma heater plug (totenthetsa mu silinda poliza injini yozizira) akufa, ndipo wa ma heater plug umaleka injini ikatentha. Wa madzi suleka. Oyilo wotuwa, wosakanizika ndi madzi, nthawi zina vuto lake limakhala oil cooler, choziziritsira oyilo. Ndipo tsiku lina injini ikakana kutembenuka m'mawa batire ili ndi moto, musaitane anyamata kuti akankhe. Mwina madzi agona pamwamba pa pisitoni, ndipo madzi sapanikizika: mupinda con rod, chitsulo chogwira pisitoni, nkhani ya gasiketi isanduka ya injini yonse.

Zizindikiro zikagwirizana, amakanika achotse hedi. Isabwerere pa injini isanapite kwa a makina kuti akaiyese ngati yapindika kapena yang'ambika. Apa m'pamene anthu ambiri amafulumira, ndipo zimandipweteka kuona munthu akulipira ntchito imodzi kawiri. Injini ya Toyota 5L hedi yake ndi yachitsulo, imapirira ndithu. Ya 1KZ ndi ya aluminiyamu, ndipo imadziwika ndi kung'ambika ikawira. Gasiketi yatsopano pa hedi yong'ambika siithandiza kanthu. Yopindika pang'ono amaisikima, kutanthauza kuipala ndi makina kuti iwongoke, koma kusikima kuli ndi malire ake. Pomanga, mabawuti amayambira pakati kupita kunja, pang'onopang'ono, ndi torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira), osati ndi paipi yolumikiza ku sipanala.

Tsono ine ndisanagule ndimafuna zinthu zitatu pa WhatsApp: nambala ya injini yomwe ili pa buloko, chithunzi cha gasiketi yakale, ndi chomwe a makina apeza. Nambala ndimaiumirira chifukwa maminibasi ambiri kuno anasinthidwa injini, zolembedwa mu blue book n'zina, zomwe zili pansi pa mpando n'zina. Chithunzicho chionetse m'mphepete, pomwe pali timabowo kapena timano. Timeneti timasonyeza kukhuthala kwa gasiketi, ndipo pa injini za dizilo ngati zimenezi amasankha potengera m'mene pisitoni ikutulukira pamwamba pa buloko. Yopyapyala kwambiri, pisitoni imayandikira hedi mopitirira muyeso. Geni yonse yagona pa tinthu totere.

Ulendo wake ndi wa msewu wa M1: Ekwendeni, kutsika Chiweta, Chilumba, Karonga, pafupifupi makilomita 220, kenako Songwe. Tsidya linalo ndi Kasumulu. Ogulitsa zitenje ndi nsapato mu Taifa Market ambiri amathera ku Kyela kapena ku Mbeya, koma masipeya osankha bwino ali ku Dar es Salaam, makilomita opitirira 800 kuchokera ku Mbeya, m'masitolo a ku Kariakoo ndi ku Ilala. Nyamulani pasipoti, ndipo Chiswahili chowerengera ndalama ndi chonenerera mtengo chiphunzireni musananyamuke.

M'sitolo adzakuikirani gasiketi zitatu pa kauntala, mabokosi ofanana, mitengo yosiyana kutali. Ine ndimaitulutsa m'pepala, kuona mphete zachitsulo zozungulira masilinda ngati zamangidwa mosalala, n'kufananiza mabowo a madzi ndi a oyilo ndi chithunzi cha yakale, limodzilimodzi. Yotchipitsitsa sindigula ngakhale kasitomala aumirire. Mzuzu ndi waung'ono, gasiketi ikapsa mwezi usanathe, kudepoti dzina lomwe limatchulidwa ndi la amene anaibweretsa. Polongedza, imagona pakati pa makatoni olimba, chifukwa ikapindika m'basi yatha ntchito.

Pa boda onetsani katundu yense kwa a MRA ndi malisiti ake enieni, mulipire msonkho ndi VAT, mapepalawo muwasunge pafupi chifukwa pamaloko a m'njira amawafunsa. Ena adzakuuzani za kuchotseredwa msonkho. Dziwani kuti Tanzania inatuluka mu COMESA m'chaka cha 2000, ndipo ngakhale tonse tili mu SADC, mwayiwo ndi wa katundu wopangidwa m'chigawo chino, osati sipeya ya ku Japan kapena ku China. Za njira zozembera kumtsinje musandifunse. Wolandidwa katundu kumeneko amataya mpamba wonse tsiku limodzi.

Phindu muliwerenge mutachotsa thiransipoti, malo ogona, msonkho ndi zomwe mwataya posintha kwacha kukhala mashilingi, poti mtengo wosinthirawo umatha kusuntha muli m'njira. N'chifukwa chake ndimayenda ndi maoda olipiridwa theka, ndipo ngongole sindipereka. Poyamba musadzaze shelefu ndi mahedi odula. Mafyuluta, malamba ndi ma brake pad ndiwo amatuluka msanga.

Yesani za thovu zija mawa m'mawa galimoto isanapite kudepoti. Hedi ikachotsedwa, nditumizireni zithunzizo ndisananyamuke, ndikuuzeni mtengo wa gasiketi ndi mabawuti ake.